Bokosi la Alamu Anga pa Phompho

Tchalitchi chakale cha ku Nørklit makolo athu sanachimange m'mphepete mwa nyanja. Anachimanga pakati pa minda, ndipo agogo anga aamuna ankanena kuti ali mwana ankadyetsa ng'ombe kuseri kwake, tsiku lonse osamva n'komwe phokoso la mafunde. Koma gombe lathu kuno kuzambwe kwa chigawo cha Jutland ndi dongo ndi mchenga basi, thanthwe mulibe, ndiye nyanja imangonyema chaka ndi chaka. Pamene ine, Thyge, ndinkapuma pa ntchito yanga yokoka maboti pamchenga ndi thirakitala, minda ija inali itatha kalekale. Pakati pa mpanda wa manda ndi phompho panangotsala kamalo koti n'kuyalapo ukonde umodzi.

Mapemphero anasiya kuchitikiramo ine ndisanabadwe. Tchalitchi chatsopano chili kumtunda, pafupi ndi sukulu, ndipo chakalecho chinatsala cha alendo. Nyengo yofunda ikafika ankabwera m'mabasi, Ajeremani ndi anthu a ku Copenhagen, kudzaona tchalitchi cha zaka mazanamazana chimene chatsala pang'ono kugwera m'nyanja. Ankajambula zipupa zake zoyera, kusuzumira pansi pa phompho, kenako n'kukagula ayisikilimu. Ena ankabweranso chaka chotsatira n'kuoneka okhumudwa kuti sichinagwebe.

Munthu womaliza kuikidwa m'manda akalewo anali alamu anga, a Ejnar, amuna a achemwali anga aakulu, a Dagny. Kuika maliro kumeneko kunali kutaletsedwa kale, koma achemwali anachonderera mpaka akumpingo anatopa nawo. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Kumzere wa manda oyandikira nyanja kunali chiliza cha mwana wawo wamwamuna, Asger, amene funde linamukokolola pa boti asanafike pokwatira. Tsiku limenelo pachiwongolero panali bambo ake. Mtembo sunapezeke, ndiye pansi pa chilizacho panalibe kanthu, komabe a Ejnar ankapita kukachipukuta Lamlungu lililonse mpaka miyendo inawakana. Atamwalira anawagoneka pambali pake. M'banjamo munatsala mwana mmodzi, wamkazi, Solvej, amene ndi namwino mumzinda wa Aalborg.

Tsiku limene abusa athu, Mayi Thorup, anabwera ndi nkhani ija, ine ndinali komweko kwa achemwali, tikumwa khofi kukhitchini.

"Mayi Dagny, akuluakulu osamala malo akale agamula," anatero abusa atakhala pansi. "Tchalitchi achiphwasula bwinobwino, miyala akaisunge kwina. Manda ndiye sangawapulumutse. Koma amene ali ndi abale amoyo titha kuwafukula, tikawaike kumanda atsopano. Tikufuna tiyambe ndi Bambo Ejnar, poti ndiwo ali kumapeto kwenikweni."

"Tengani kekeyo, abusa. Ndaphika lero lomwe."

"Zikomo. Ndiye mukuti bwanji?"

"Ndikuti asiyeni pomwepo."

Abusa anaika kapu pansi. "Mwina sindinafotokoze bwino. Mkuntho umodzi waukulu, mzere wonse uja upita."

"Mwafotokoza bwino. Amuna anga malo aja anasankha okha, phompho akuliona ndi maso awo. Anandiuza kuti, 'Dagny, nyanja inakana kundibwezera mwana, ndiye idzabwere idzanditenge ine.' Nanga ine ndine ndani kuti ndiwabweze panjira?"

Abusa anayang'ana ine ngati ndingawathandize. Ine ndinangoyang'ana m'kapu. Achemwali angawo ndi amene anandilera mayi athu atamwalira, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinawasintha maganizo pa kanthu kalikonse.

Loweruka lake Solvej anatulukira, nkhope itadya tsabola. Anawapeza mayi ake akutumbula nsomba zoti ayanike.

"Amayi, mukudziwa zimene zimachitika pansi paja? Mafupa a anthu amangoti mbwee pamchenga. Chaka chatha mwana wa alendo anapezeka akusewera ndi nsagwada ya munthu. Mukufuna ababa akakhale pa shelefu kwa Mjeremani?"

"Usalankhule choncho za bambo ako."

"Ndilankhule bwanji? Malume, tanenanipo inu!"

"Ine ndangobwera kudzabwereka makwerero," ndinatero.

"Inunso mantha basi." Anatembenukiranso kwa mayi ake. "Moyo wanga wonse m'nyumba muno munali Asger. Patebulo Asger, pa Khirisimasi Asger. Ine ndinalipo, wamoyo, koma Lamlungu ababa ankakacheza ndi mwala. Lero ndikungopempha malo oti ndizikaikapo maluwa ndi ana anga, inu mukuwaperekanso kwa Asger yemweyo."

Achemwali anapukuta mpeni pa nsalu. "Iwe uli ndi mwamuna, uli ndi ana, uli ndi ntchito. Mlongo wako ali yekha m'madzi ozizira aja."

"Mlongo wanga anadyedwa ndi nkhanu ine ndili kupulayimale!"

Mbama imene inalira m'khitchini muja ndinaimva ngati yagwera ine. Solvej, mamba a nsomba atamatirira patsaya, anatola chikwama chake n'kutuluka. Galimoto inalira, n'kuzimiririka. Achemwali anatenga nsomba ina n'kupitiriza kutumbula, koma mpeni unkaphonya.

Mawu omaliza anali a mkazi wamasiye, choncho zinatsala momwemo. Mabanja ena anasamutsa akufa awo. Amisiri anabwera, anatsitsa belu, n'kuyamba kusasula denga.

Mu Novembala kunabwera mkuntho wochokera kuzambwe, masiku angapo osaleka. Mchenga unkawomba m'mawindo ngati munthu akuwaza chimanga. Mmawa umene mphepo inagona ndinabwereka thirakitala yanga yakale ija, n'kutsetserekera kugombe ndi mabokosi onyamuliramo nsomba, monga tinkachitira nthawi zonse phompho likagumuka: kutola zimene zagwa kuti zikaikidwenso kumtunda. Mpanda wa manda unali pansi, miyala yake ili balalabalala. Chiliza cha Asger ndinachipeza chitagwa chafufumimba m'dongo. Ndinachitembenuza, n'kupukuta dzina lake ndi dzanja, ndiyeno ndinakweza maso.

Bokosi la alamu anga linali litatulukira m'dongo, mbali ya kumiyendo, lili lende pamwamba panga. Linali patali poti ngakhale makwerero a ozimitsa moto sakanafika. Matabwa ake anali a mtengo wolimba umene achemwali anasankha okha, ndiye sanawole. Mbali ya kumutu inali idakali m'nthaka.

Abusa anathamangira kwa akuluakulu kukapempha kuti afukule tsopano, kaya mkazi wamasiye afune kaya asafune. Anawayankha kuti nthawi yatha. Nthaka ya pamwamba inali itang'aluka ming'alu yolowa mkono, ndipo panalibe makina kapena munthu amene akanaloledwa kuyandikira. Apolisi anazunguliza waya.

Nditakawauza achemwali, anavala chikhoti cha amuna awo n'kutsika nane kugombe. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Mafunde ena akubwera," anatero. "Sabata ino satha."

Koma mafunde sanabwere. Mphepo inatembenuka, kunja kunayera, kenako kunagwa chisanu choopsa, dongo lija n'kuuma gwa ngati simenti. Bokosi linakhala pomwepo.

Amene anabwera ndi anthu. Wina anajambula, chithunzi chinatuluka pa wailesi ya kanema, ndipo Lamlungu lotsatira magalimoto anali ndandanda pamchenga ngati kuli mpira. M'nyengo yozizira kwathu kuno sikubwera mlendo, koma chaka chimenecho mwini kagolosale ka pagombe anatsegulanso n'kuyamba kugulitsa masoseji. Kenako thabwa la kumapazi linasomoka n'kugwa. Amene anali ndi makamera oonera patali ankatha kuona nsapato zakuda, zimene achemwali anapolisha okha tsiku losambitsa maliro. Ankapatsirana makamerawo, wina akaona n'kupatsa mnzake.

Achemwali anayamba kupita tsiku lililonse. Ankaima pansi pa phompho, msana ku bokosi, nkhope kwa anthu, atatambasula manja ngati munthu wobweza ng'ombe.

"Chokani! Si chionetsero ichi! Kodi kwanu kulibe akufa?"

Ena ankachita manyazi n'kubwerera kumagalimoto. Ambiri chilankhulo chathu cha Chidanishi sankachimva, ndiye ankajambulanso iwowo. Ndinkawapititsira khofi m'fulasiki, iwo osamwa. Milomo inawasweka ndi mphepo.

"Achemwali, tiyeni kunyumba. Mudwala."

"Sindinaganize kuti zikhala chonchi, Thyge," anatero osandiyang'ana. "Ndimati usiku umodzi, funde limodzi, basi apita. Sindimati azikhala pamenepa ngati nsomba yoyanika." Anandigwira mkono. "Kawafunditse. Chonde, mlongo wanga."

Chibadwire changa achemwali anali asanandiuzepo chonde. Ndinabwerera kunyumba n'kumuimbira Solvej, chifukwa ine thupi langa ndi lolemera ndipo nthaka ija sikanandinyamula. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kudula foni osayankha. Mawa lake masana anafika.

Tinadutsa pansi pa waya wa apolisi titanyamula makwerero aatali, chingwe, ndi lona lofunditsira boti limene ndinamangirira zitsulo za ukonde m'mphepete kuti lilemere. Tchalitchi chinali chopanda denga, amisiri atapita kukadya. Makwerero tinawagoneka pansi kudutsa ming'alu ija. Chingwe ndinamumanga Solvej m'chiuno, mbali inayo n'kuikulunga pa chiliza chachikulu cha m'busa wina wakale, ine n'kugwira pakati.

"Ukamva nthaka ikulira, usaganize za lona. Ungofuula."

"Inu gwirani chingwecho, malume, musandiphunzitse."

Anagona chafufumimba pamakwerero n'kuyamba kukwawa, lona akulikankha kutsogolo. Timiyala tinkagwera kuphompho. Pansi anthu anaona mutu wake utatulukira, ndipo ndinamva akufuula. Anafika kumapeto, anakhomera zikhomo ziwiri m'dongo, n'kuliponya lona lija. Linatambasuka n'kuphimba bokosi lonse. Koma iye sanabwerere msanga. Anakhala pamenepo mutu uli kunsi, osagwedezeka, mpaka ndinakoka chingwe.

Atafika pamalo olimba anagwada n'kusanza.

"Chivundikiro chang'ambika," anatero akupukuta kukamwa. "Ndawaona."

 Titatsikira kugombe, achemwali anabwera kudzatichingamira.

"Wachita bwino, mwana wanga."

"Sindinachitire inu," anatero Solvej, n'kupitirira kukakwera galimoto.

Lona lija silinathe sabata. Mphepo inaling'amba, n'kutsala kansanza kakupupuma pa chikhomo chimodzi. Achemwali anabwereranso pamalo pawo, koma tsopano anali akutsokomola. Mmawa wina ndinawapeza atagwa kukhitchini, thupi likutentha ngati mbaula. Kuchipatala cha m'tauni anati ndi chibayo, ndipo pa msinkhu wawo tisayembekezere zambiri. Solvej anatenga tchuthi n'kubwera kudzawadikirira. Ankawatembenuza, ankawapukuta, ankawamwetsa madzi, zonse mwaluso la ntchito yake, koma kucheza ayi.

Chisanu chinasungunuka, kunagwa mvula yamawawa masiku awiri, ndipo bokosi linagwa. Linagwa masanasana, kunja kuli bata. Amene anadzandiuza ndi mayi wina amene ankayendetsa galu wake. Nditafika, nyanja inali itaphwera kutali, ili phee ngati sizikuikhudza. Bokosi linali litaswekera pamchenga wouma. Ndinaimika thirakitala mopingasa kuti nditchinge maso a anthu, ndinavula jekete n'kuphimba zimene ndikanatha kuphimba, n'kumuimbira Solvej.

Tinatola mafupa awiriwiri n'kuika m'bokosi la nsomba limene ndinayalamo bulangeti. Iye ankadziwa fupa lililonse ndi malo ake, ndipo sanalole kuti tichoke mpaka atapeta mchenga wonse ndi zala. Mphete yaukwati anaipeza n'kuiika m'thumba.

"Boti la mnzanga lili apo," ndinatero. "Titha kutuluka nawo pompano. Tikawatsitse kuseri kwa mafunde, monga ankafunira."

"Ayi, malume. Tikupita kwa abusa."

"Nanga amayi ako?"

"Amayi anga zofuna zawo zachitika, ndipo dziko lonse laonera. Amene anakwawa pamakwerero paja ndine. Kwezani bokosilo."

Ndinakweza. Mawa lake tinawaika alamu anga kachiwiri, m'kabokosi kakang'ono, kumanda atsopano pafupi ndi mpanda wa maluwa. Tinalipo atatu, ine, Solvej ndi abusa. Nyimbo tinaimba ndime imodzi yokha chifukwa mawu anatithera.

Kuchokera kumanda tinapita kuchipatala. Achemwali anali atatsamira mapilo, kachubu ka mpweya kali m'mphuno, nkhope itatha ngati ya mwana. Atandiona anayesa kudzuka.

"Thyge, nyanja yawatenga?"

Ndisanatsegule pakamwa, Solvej anayankha. "Yawatenga, amayi. Dzulo, madzi atadzaza. Bokosi lonse, losasweka. Panalibe ndi munthu mmodzi yemwe woonera."

Achemwali anatsinzina. Misozi inatsikira m'makutu. Anafufuza dzanja la mwana wawo pabulangeti n'kuligwira, ndipo Solvej sanalichotse.

"Zikomo, Ambuye. Akumana tsopano." Anapuma kanthawi, mpweya ukulira m'chifuwa. "Ndiye tamvera, mwana wanga. Ine musandiike m'nthaka. Munditenthe, phulusa mukalimwaze kunja kwa phompho kuja. Ndikawapeze onse awiri."

Solvej anauma pampando.

"Amayi, kumanda atsopano kuli malo abwino. Bwenzi ndikubwera ndi ana..."

"Ndikagone ndekha kumeneko, amuna anga ali m'nyanja? Zaka zonsezi sitinagonepo kosiyana, kupatula akapita kokapha nsomba. Lonjeza."

"Amayi..."

"Ndinakumenya, ndinalakwa. Koma lonjeza."

"Ndalonjeza."

Titatuluka m'chipindamo, Solvej anatsamira khoma la m'khonde.

"Malume, musandiyang'ane choncho."

"Sindinanene kanthu ine."

"Ndiye nenani!"

"Chitseko ndi icho. Ukhoza kubwereramo ukawauze."

Anapita mpaka pachitseko, anagwira chogwirira, n'kusuzumira pagalasi. Mayi ake anali atagona tulo, kukamwa kuli pululu, nkhope itamasuka koyamba chiyambire mkuntho uja. Anaima pamenepo mpaka namwino wina anamupempha kuti apatuke adutse ndi mankhwala. Sanalowe.

Achemwali anamwalira Chaka Chatsopano chitangodutsa. Masiku awo omaliza anali okoma mtima kwa aliyense, ndipo ankamuuza Solvej nkhani za ubwana wake zimene iye ankaganiza kuti palibe anazisunga.

Phulusa tinadikira nalo mpaka nyanja itayamba kufatsa, mu Epulo. Tinatuluka pa boti la mnzanga uja, ine pachiwongolero, Solvej atakhala kutsogolo atafukata chikho cha phulusa. Mwamuna wake ndi ana anatsala pagombe. Solvej ndi amene anafuna choncho. Titafika kuseri kwa mafunde ndinazimitsa injini. Pamwamba pa phompho zipupa za tchalitchi zinali zitatsala zofika m'chiuno, ndipo amisiri ankaoneka ngati nyerere akukweza miyala m'lole.

"Pano pali bwino?" anafunsa.

"Ponseponse ndi chimodzimodzi. Ima mbali iyi, mphepo ikhale kumsana."

Anatsegula chikho n'kupendeketsa. Phulusa linayandama pang'ono, lotuwa, kenako linamira. Anatulutsa mphete ya bambo ake m'thumba, anaiyang'ana, n'kuiponya pomwepo. Boti linkagwedezeka, ndipo iye nyanja sanaizolowere.

"Malume, kodi munthu woikidwa kawiri angafukulidwenso?"

"Sindikudziwa. Ukafunse abusa."

Anagwedeza mutu, n'kugwira m'mphepete mwa boti ndi manja awiri. "Tembenuzani. Ndazizidwa."

Ndinaliza injini n'kulunjika kumtunda. Amene analowa m'malo mwanga pa thirakitala anatikokera pamchenga, ndipo ana a Solvej anathamangira kudzamufunsa ngati agogo apita kwa agogo anzawo. Anawayankha kuti inde, n'kuwalowetsa m'galimoto.

Kwa abusa sanakafunse. Anatumiza chiliza chabwino cha mwala wakuda, cholembedwa dzina la bambo ake lokha, ndipo amisiri anachiimika iye kulibe. Malo a pambali pake akadali opanda munthu. Kuchokera tsiku la phulusa lija Solvej wabwerako kamodzi, kudzagulitsa nyumba ya mayi ake, ndipo kumanda sanapatukireko. Udzu wa pamenepo ndimadula ndine.